Mutu, Manja ndi Mtima: Mkangano wa pa Khondowe

Sukulu za sekondale za mipingo kuno kwathu zimalonjeza makolo zinthu zofanana: mwana wanu akadzatuluka muno adzakhala ndi nzeru m'mutu, luso m'manja, ndi Mulungu mumtima. Mawu okoma, makamaka pa tsiku lopereka mphoto kwaya itangomaliza kuimba. Koma funsani mphunzitsi aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wogawa mapiriyodi kumayambiriro kwa teremu. Tsiku la sukulu ndi nsalu yaifupi, ukafunda kumutu mapazi amakhala pamtunda. Wa Masamu akufuna mapiriyodi ena awiri. Wa Bible Knowledge sakugonja. Abusa akuti mapemphero a m'mawa akufupika. Wa Agriculture amuponyera masana, dzuwa lili paliwombo, ana atakhuta nsima ya nyemba ndipo akuodzera.

Mkangano umenewu unayamba kale, agogo athu asanabadwe, ndipo pomwe unafika pachimake ndi pa Khondowe, phiri lomwe lero timangoti Livingstonia, m'boma la Rumphi. Ndikufuna tiuone bwinobwino chifukwa mbali zonse ziwiri zinkalankhula mawu amodzimodzi, akuti maphunziro asapendekere kumodzi, koma zikutanthauza zinthu zosiyana kutalitali. Ndipo kupambana kwa mbali imodziyo ndi china mwa zomwe zinachititsa kuti dziko lino likhale lopanda sekondale yokhazikika mpaka 1940.

Tiyambe ndi mwini nkhani. Robert Laws anabadwira ku Aberdeen, ku Scotland, mu 1851. Bambo ake anali mmisiri wa mipando ndi makabati, ndipo iyenso anaphunzira ntchito yomweyo ali mnyamata, masana akupala matabwa, usiku akuwerenga. Kenako analowa yunivesite, nachita maphunziro a mabuku, a udokotala, ndi a ubusa. Ndiye mukamamva za ndondomeko yomwe anadzakonza pa Khondowe, dziwani kuti ankangojambula moyo wake womwe. Munthu yemwe dzanja lake linazolowera tchizulo, mpeni wa opaleshoni ndi Baibulo sankaona chifukwa choti mwana wa Mtonga kapena wa Mngoni asankhepo chimodzi.

Anafika pa nyanja yathu mu 1875 ndi gulu loyamba la mishoni ya Livingstonia, pa sitima ya Ilala. Anayambira ku Cape Maclear, komwe malungo anatenga anzake angapo, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Chaka chomwecho likulu la mishoni linasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga. Kumeneko sukulu za m'midzi zinachuluka msanga, ndipo mafunso anabuka okha: ana omwe adziwa kuwerenga ndi kuwerengera apite kuti tsopano? Nanga aphunzitsi a sukulu zonsezi achokera kuti? Mu 1894 Laws anakwera pa Khondowe, mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja, kutali ndi udzudzu wa m'madambo, nayamba sukulu yaikulu yomwe inadzatchedwa Overtoun Institution.

Chitsanzo anachitenga ku Lovedale, sukulu ya mishoni ya anthu a ku Scotland omwewo ku Eastern Cape, ku South Africa, komwe mabuku ndi ntchito za manja zinkayendera limodzi. Zipatso za Lovedale anali atadzionera yekha. Mu 1876 kunabwera Axhosa anayi ophunzira kumeneko kudzathandiza mishoni, ndipo mmodzi wa iwo, William Koyi, ndi yemwe anatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa, chifukwa ankamvana nawo chilankhulo pomwe azungu ankangoyang'ana pakamwa.

Nanga ndalama? Dzina la sukuluyo likuyankha. Lord Overtoun anali mwini fakitale ya mankhwala a m'mafakitale ku Shawfield, pafupi ndi Glasgow, mkhristu wotchuka ndi kupereka komanso kuteteza tsiku la Sabata. Mu 1899 Keir Hardie, mtsogoleri wa anthu apantchito, anaulula kuti m'fakitale ya mkuluyu anthu ankagwira ntchito maola 12 patsiku, Lamulungu lomwe, m'fumbi lomwe linkawaboola mphuno. Sindikunena izi kuti ndinyoze njerwa za pa Khondowe. Ndikungoti ndondomeko ya maphunziro imakhala ndi woilipira, ndipo woilipirayo akatopa kapena akamwalira, ndondomekoyo imagwedezeka. Overtoun anamwalira mu 1908. Musunge chimenecho.

Tsopano tione zomwe zinkaphunzitsidwa, chifukwa apa ndi pomwe pali nyama.

Pansi panali makalasi omalizitsa pulayimale, olandira ana osankhidwa kuchokera ku masiteshoni onse a mishoni. Pamwamba pake panali kosi ya uphunzitsi, yomwe inali msana wa sukulu yonse. Opitirira pamenepo ankalowa kalasi ya mabuku, momwe munali mbiri, zolemba za Chingerezi ndi filosofi, ndipo kuchokera apo ena ankapita ku maphunziro a ubusa. Kunali kosi ya zachipatala, yomwe inapeza nyumba yake David Gordon Memorial Hospital itatsegulidwa mu 1911. Kunali kosi ya ukalaliki: kutayipa, kusunga mabuku a ndalama, kutumiza mauthenga pa waya wa telegalamu, pakuti waya wa kampani ya Cecil Rhodes unkadutsa m'mphepete mwa nyanja ndipo unkafuna anthu. Ndipo kunali amisiri ophunzira ntchito kwa zaka zisanu: ukalipentala, kumanga, kusula zitsulo, kusindikiza mabuku, ulimi.

Chomwe chimandigwira mtima si kutalika kwa mndandandawu ayi. Ndi lamulo loti wophunzira aliyense, ngakhale uja wofuna kudzakhala m'busa, azigwira ntchito ya manja. Ndipo mmisiri nayenso sankasiyidwa opanda buku, ankalowa m'kalasi, ankapemphera ndi anzake. Ntchito yakenso sinali yongotayitsa nthawi. Sukulu inali kumangidwa ophunzira akuona, ndipo ambiri anamanga nawo. Madzi anabwera pa mipope kuchokera m'mapiri. Mu 1905 magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi anayaka pa Khondowe. Msewu wa Golodi, uja wokhotakhota wochokera ku Chitimba womwe mpaka lero umapempheretsa anthu m'galimoto, unasemedwa nthawi yomweyo. Mnyamata wophunzira za mipope ankagwira mpope weniweni, womwe ukatayikira anthu asowa madzi.

Chilankhulo nacho chinali mbali ya ndondomeko. Ana ankachokera kwa Atonga, Atumbuka, Angoni, Ankhonde, Achewa a ku Kasungu, ena mpaka kutsidya kwa malire a lero. Laws ankachidziwa Chinyanja, moti anamasulira Chipangano Chatsopano m'chilankhulochi, koma makalasi apamwamba anawaika m'Chingerezi. Maganizo ake anali oti mwana akadziwa Chingerezi, mabuku onse a m'laibulale amutsegukira, sadikiranso mzungu kuti amusankhire zoti amasulire. Chiganizo chimenechi chinadzakhala ndi zotsatira zomwe ngakhale iye mwini zinamudzidzimutsa.

Ndisakuputsitseni ngati kuti pa Khondowe panali paradaiso. Atsikana analipo koma ochepa, ndipo gawo lalikulu la maphunziro awo linali kusoka, kuchapa, kuphika ndi kusamala pakhomo. Mutu, manja ndi mtima zinali za mnyamata; mtsikana ankakonzedwa kuti adzakhale mkazi wa mphunzitsi. Miyambo ya makolo, magule ndi nyimbo zambiri za kumudzi zinkaonedwa ngati zachikunja. Ndipo panali denga lina lomwe silinalembedwe pa mndandanda wa maphunziro.

Taganizani za Charles Domingo. Anabwera ku mishoni ali kamwana kuchokera ku Quelimane, anakulira m'manja mwa Laws, nakhala mmodzi wa ophunzira anzeru kwambiri pa Khondowe. Anamaliza maphunziro a ubusa kumayambiriro kwenikweni kwa zaka za m'ma 1900. Kenako anadikira. Chaka chinatha, china chinatha, kudzozedwa osabwera. Mapeto ake anachoka mu mpingowo asanadzozedwe. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, zaka 39 chifikire Ilala. Mwasi nayenso anadzatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake. M'kalasi amishonale ankati kwerani mpaka pomwe mungathe; pa mpando wa ulamuliro ankati dikirani kaye, simunakhwime. Walira mvula walira matope: ukaphunzitsa munthu kufunsa mafunso, tsiku lina funsolo lidzaloza iwe.

Fizi nayo inavuta. Eliot Kenan Kamwana anali wophunzira pa Khondowe, anachoka chifukwa cha nkhani ya fizi, ndipo atabwerako ku South Africa mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower anabatiza Atonga zikwizikwi m'miyezi yochepa, boma la atsamunda lisanamugwire n'kumuthamangitsa mu 1909. Mishoni inkadikiritsa anthu zaka kuti abatizidwe, iye ankabatiza lero lomwe.

Koma vuto lalikulu la ndondomeko ya Laws linali kunja kwa mpanda wa sukulu. Wolemba mbiri John McCracken, m'buku lake la ndale ndi Chikhristu m'Malawi, anafotokoza bwino mfundoyi: kumpoto kunalibe olemba anthu ntchito. Kalipentala wamaliza zaka zake zisanu, wabwerera kumudzi ndi luso lopanga tebulo losalala. Agula ndani? Kalaliki akudziwa kutayipa, ofesi ili kuti? Ndiye anthu anayenda. Ophunzira a pa Khondowe anadzaza maofesi ndi migodi ku Southern Rhodesia, ku Northern Rhodesia, ku Katanga, ku Tanganyika, ku Joni. Sukulu yomwe inamangidwa kuti itukule dera lake inasanduka khomo lotulukira, ndipo ena sanabwerenso, anasanduka machona.

Ena mwa oyendawo anagwedeza mayiko a eni. Clements Kadalie, wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anamaliza kosi ya uphunzitsi ali mnyamata, anaphunzitsa pang'ono, nauyamba ulendo wa kummwera. Mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU pakati pa ogwira ntchito padoko la Cape Town, ndipo pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. David Kaunda anatumidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali. Mwana wake Kenneth mukumudziwa. Otsala kwawo nawo sanakhale chete. Mu 1912 kunabadwa North Nyasa Native Association, mlembi wake Levi Ziliro Mumba, yemwe anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Anthu amenewa ankalembera boma makalata m'Chingerezi chowongoka, ndipo azungu ambiri a m'maboma ndi m'maesiteti sankasangalala nazo.

Kenako kunachitika za John Chilembwe mu 1915. Chilembwe sanaphunzire pa Khondowe, maphunziro ake apamwamba anawachitira ku Lynchburg, ku America. Koma kwa eni maesiteti zinalibe kusiyana. Pa kafukufuku yemwe boma linachita pambuyo pake, ambiri a iwo analoza chala sukulu za mishoni: mwawaphunzitsa mopyola, onani tsopano. Kuchokera pamenepo, munthu wakuda wovala jekete ndi kulankhula Chingerezi anayamba kuonedwa ngati vuto loti lichepetsedwe.

Apa ndi pomwe tiyenera kutsika phiri n'kupita m'chigawo chapakati, chifukwa kumeneko kunali yankho lina pa funso lomweli. Amishonale a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, likulu lawo linadzakhala ku Nkhoma. Iwo ankati mwana aphunzire m'chilankhulo chake, adziwe Baibulo, aphunzire ntchito zomwe angachite kumudzi ndi zipangizo za kumudzi komweko: kuluka, kuumba, kufufuta zikopa, kupanga sopo, kulima bwino. Chingerezi chinkaperekedwa pang'onopang'ono ngati mchere wa m'nyengo ya njala.

Ine monga wolemba Chichewa sindingawanyoze anthu amenewa ndi mtima wonse. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922 William Murray akutsogolera ntchito yomasulira, ndi limodzi mwa mizati ya Chichewa cholembedwa. Samuel Josiah Nthara, mlembi wa Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Chichewa chomwe ndikulemba panochi chinadutsa m'manja mwawo. Ndipo funso lawo linali lomveka: phindu lake n'chiyani kuphunzitsa anthu khumi mpaka kumwamba, mudzi wonse uli mumdima? Ngakhale mkati mwa Livingstonia momwe, Donald Fraser wa ku Embangweni ankaona kuti ndalama zambiri zikuthera pa phiri limodzi pomwe sukulu za m'midzi zikusowa masileti.

Komabe tisaiwale kuti kumudzi komwe mwanayo ankakonzedwera kunali mudzi wa msonkho, wa thangata, wa fodya wogulidwa pa mtengo woikidwa ndi ena. Kumuuza kuti Chingerezi sukuchifuna kunali kumuuza kuti kalata yochokera kwa DC azikuwerengera wina moyo wako wonse.

Mu 1924 kunabwera alendo odzaweruza pakati pa njira ziwirizi. Linali gulu la Phelps-Stokes, lochokera ku America, lomwe linkayendera sukulu za mu Africa. Mtsogoleri wake, Thomas Jesse Jones, anagwirapo ntchito ku Hampton, sukulu ya anthu akuda kummwera kwa America, ndipo ankakhulupirira njira ya Hampton ndi Tuskegee ya Booker T. Washington, yoti munthu wakuda ayambe ndi ntchito za manja, za ndale ndi mabuku akuluakulu zibwere pambuyo. Ku America komweko W.E.B. Du Bois anali atalimbana nayo kale njirayi, akunena kuti ikukonza antchito a azungu. M'gululo munalinso James Aggrey wa ku Gold Coast, yemwe kulankhula kwake kunakopa anthu kulikonse komwe anapita.

Jones anali ndi zinthu zinayi zomwe ankati ndiye maziko a maphunziro: umoyo, moyo wa pabanja, kugwiritsa ntchito zomwe zakuzungulira monga nthaka ndi luso la manja, ndiponso masewera ndi kupumula. Werengani mndandandawo kachiwiri. Mungautsutse? Mayi aliyense angavomere. Lipoti la gululo linayamikira kwambiri ntchito ya Nkhoma, ndipo Livingstonia inaoneka ngati sukulu yodula, yolota zazikulu, yopanga anthu osakwanira pamudzi. Mu 1925 boma la Britain linatulutsa chikalata chonena kuti maphunziro m'maiko ake a mu Africa azigwirizana ndi moyo wa eni dera. Mu 1926 Nyasaland inakhala ndi dipatimenti ya maphunziro kwa nthawi yoyamba. Zaka zonse zam'mbuyomo boma linkangoponya kandalama, poyamba mapaundi 1,000 pachaka, kuti mamishoni onse agawane.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Laws ndi Jones onse ankati mutu, manja ndi mtima. Onse ankadana ndi mwana wongoloweza mabuku osadziwa kugwira khasu. Mukanaika ndondomeko zawo pa tebulo limodzi, maphunziro ambiri akanafanana maina. Kusiyana kunali pa ntchito yomwe khasulo linapatsidwa. Kwa Laws, khasu ndi tchizulo zinkawonjezera pa buku: gwira ntchito m'mawa, masana ukawerenge filosofi, ndipo ngati mutu wako ukulola, pitirira. Kwa otsatira Jones m'maiko a atsamunda, khasu linkalowa m'malo mwa buku lapamwambalo: gwira ntchito, werenga zokukwanira pamudzi, basi pathera pomwepo. Mawu oti kusapendekera kumodzi anasanduka njira yaulemu yonenera kuti apa ndiye polekezera pako.

Ndipo ine ndili ndi kafunso komwe ndimayesera ndondomeko iliyonse ya maphunziro: kodi woikonzayo angalowetsemo mwana wake? Jones mwiniwake anali ndi digiri ya udokotala ya ku Columbia University. Aggrey, atangomaliza ulendowu, anakakhala wachiwiri kwa mkulu wa sukulu ya Achimota kwawo ku Gold Coast, sukulu yomwe inali ndi munda ndi malo a amisiri, inde, koma yomwe inkatengera ana mpaka pakhomo la yunivesite. Uganda inali kale ndi Makerere kuyambira 1922. South Africa inali ndi Fort Hare kuyambira 1916, pafupi penipeni ndi Lovedale. Nyasaland, yomwe inali patsogolo pa anansi ake ambiri pa sukulu za m'midzi, inauzidwa kuti izikhutira ndi pansi.

Laws sanagonje msanga. Atakalamba kale, ankalotabe koleji yeniyeni pa Khondowe, yoti idzakule n'kukhala yunivesite. Mu 1926 anatsegula makalasi a High School. Koma mphepo inali itatembenuka. Anzake ambiri pa mishoni sanali naye, akuluakulu a mpingo ku Scotland sanafune kuikapo ndalama, ndipo opereka a mtundu wa Overtoun anali atapita. Anapuma ntchito mu 1927, atakhala kuno zaka 52, ndipo anamwalira mu 1934. High School ija inatsekedwa patangopita zaka zochepa iye atachoka, nthawi yomwe chuma cha dziko lonse lapansi chinagwa. Boma linaika mtima wake pa Jeanes Training Centre ku Domasi, komwe aphunzitsi ndi akazi awo, kenako mafumu, ankaphunzira ukhondo, ulimi ndi chitukuko cha m'midzi. Zinthu zabwino ndithu. Koma sizinali sekondale.

Amene anakana kuti nkhani ithere pamenepo anali ana a pa Khondowe omwe, pamodzi ndi anzawo a ku Blantyre. M'zaka za m'ma 1930 mabungwe a mbadwa ankabwereza pempho limodzi pa msonkhano uliwonse: tikufuna sekondale, tikufuna boma litengepo mbali. Makolo osaphunzira nawo ankadziwa masamu ake. Ankaona kuti wolandira malipiro abwino ndi kalaliki, osati woluka madengu, ndipo palibe lipoti la ku America lomwe likanawasintha maganizo. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940 ndi mamishoni a Chipulotesitanti, Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma yoyamba, Dedza, mu 1951. Werengani zaka zomwe zinatayika kuchokera 1926. Ndi m'badwo wathunthu wa ana omwe akanakhala madokotala, maloya ndi mainjiniya pa nthawi yomwe dziko linkalandira ufulu mu 1964, pomwe a digiri anali ochepa zedi.

Kusiyana kwa njira za mamishoni kunasiyanso chipsera china. Dera lomwe linalandira Chingerezi msanga linatulutsa aphunzitsi ndi makalaliki ambiri kuposa madera ena, ndipo andale anadzagwiritsa ntchito kusiyanako. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera ku zigawo za kwawo, ndipo nkhani ya kota posankha ana opita ku yunivesite yatikanganitsa mpaka m'badwo wathu uno. Timakangana pa Facebook ngati kuti ena anabadwa anzeru ndipo ena anabadwa aulesi, pomwe chiyambi chake ndi zomwe amishonale angapo anagwirizana pa misonkhano yawo, kuti Chingerezi chiyambe kalasi iti.

Chodabwitsa n'chakuti titalandira sekondale zija, tinathawira mbali inayo ndi liwiro. Chifukwa ntchito za manja zinabwera ngati denga, tinazida. Kamuzu Banda, yemwe anayambira pa sukulu za mishoni ya Livingstonia ku Kasungu, atamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 anaikamo Chilatini ndi Chigiriki mokakamiza. Ndimamumvetsa pang'ono: anali wa m'badwo womwe unauzidwa kuti zinthu zimenezo si zawo. Koma onani komwe tafika. Pa sukulu zambiri, za mpingo ndi za boma zomwe, khasu ndi chikwakwa ndi chilango. Wachedwa ku asembule, katchetche. Wapezeka ndi foni, kakumbe dzenje. Kenako tikudabwa kuti mwana wa Fomu 4 akuona ulimi ngati temberero, m'dziko lomwe anthu ambiri amadya kuchokera m'munda. Agriculture timaiphunzira pa bolodi, kujambula khola la nkhuku m'kope. Wopita ku sukulu ya ntchito za manja kudzera ku TEVETA, anthu amamufunsa mwachifundo kuti, mapointi sanakwane eti?

Woweruza weniweni wa ndondomeko lero ndi MANEB. Chomwe sichibwera pa MSCE chimafa chokha, kaya chinalembedwa ndi zilembo zagolide pa geti. Ahedi akudziwa kuti makolo adzafunsa kuti a mapointi 6 alipo angati, ndipo simungawadzudzule makolowo, akuchita masamu omwe aja a makolo a m'ma 1930. Mbali ya mtima nayo nthawi zambiri yasanduka phunziro lolemba mayeso ndi belu la mapemphero. Mu 2000, boma litafuna kuchotsa Bible Knowledge n'kuikapo Religious and Moral Education yophunzitsa zipembedzo zingapo, mipingo inakana mwamphamvu, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri anatsala. Mkanganowo unali wofunika, m'dziko la Akhristu ndi Asilamu. Koma unali wa dzina la phunziro limodzi pa mndandanda. Pa Khondowe, ndi zolakwa zake zonse, funso la Chikhristu linkafika mpaka pa kapalidwe ka thabwa ndi kasungidwe ka buku la ndalama.

Ndiye komiti ya sukulu ya mpingo ikakhala pansi lero kuti ikonze maphunziro osapendekera kumodzi, ine ndingafune imve mafunso omwe Khondowe anasiya. Kodi ntchito ya manja pa sukulu pano aigwira onse, kuphatikizapo uja wa nambala wani, kapena ndi ya okhawo omwe tawaweruza kale kuti sapita patali? Kodi ndi ntchito yeniyeni, dimba lodyetsa ana a m'hositelo, mipando yokhalira m'kalasi, mawaya a sola oyatsa laibulale? Kodi mtsikana ali ndi khomo lomwelo lolowera ku Physics ndi ku malo a amisiri, kapena tamuikira kale Home Economics? Mwana akafunsa funso lovuta pa phunziro la Baibulo, timuyankha kapena timulemba dzina? Ndipo akatuluka pa geti ndi luso lakelo, alipo woligula, kapena tikukonzanso anthu a basi ya ku Joni? Funso lomalizali sukulu singaliyankhe yokha, monga momwe Laws analephera kuliyankha ndi magetsi ake onse.

Nyumba ya miyala yomwe Laws ankakhala ikadalipo pa Khondowe, anaisandutsa malo osungira zinthu zakale. Yunivesite yomwe anaikanidwa inatsegulidwa pa phiri lomwelo mu 2003 ndi Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, zaka 76 iye atatsika Golodi komaliza. Ophunzira ake oyamba anali a uphunzitsi.